Kalata ya za mafilimu kwa mnzanga wa ku Johannesburg

Chilomoni, Blantyre

Achimwene okondedwa,

Ndikhulupirira kuti inu ndi alamu muli bwino kumeneko. Ife kuno tilipo ndithu. M'kalata yanu munandifunsa ngati ndidakakondabe mafilimu monga kale, ndipo ndikuyankheni kuti chilakolakocho chakula, moti lero ndilibe nkhani ina koma imeneyi.

Filimu imene yandigwira mtima posachedwapa ndi On Becoming a Guinea Fowl ya 2024, imene anaitsogolera Rungano Nyoni wobadwira ku Zambia, ndipo chaka chomwecho analandira nayo mphoto ya utsogoleri m'gawo la Un Certain Regard pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes ku France. Nkhani yake ndi ya Shula, mtsikana amene akuyendetsa galimoto usiku n'kupeza mtembo wa amalume ake uli gone pamsewu. Mwambo wa maliro ukayamba, zimaululika pang'onopang'ono kuti malemuwo ankagwirira ana a m'banja momwemo, ndipo akuluakulu ankadziwa koma anasankha kutseka pakamwa. Ngakhale amayankhula Chibemba ndi Chingerezi, siwa imeneyo ndi yathu yomwe: amayi olowa m'nyumba chokwawa akulira, atsikana otopa ndi kuphikira khamu, ndi achibale otembenukira mkazi wamasiye n'kumunena kuti sanasamale m'bale wawo, maso awo ali pa katundu.

Chimene ndikufuna muchione ndi kasewero ka Susan Chardy, amene ndi Shula. Mayi ameneyu salira, sakalipa, ndipo nthawi zambiri amangoima n'kumayang'ana, koma nkhope yake yokha imakuuzani kuti mumtima muli chinthu cholemera chimene wachisunga kuyambira ali mwana. Azakhali ake akamamudzudzula kuti n'chifukwa chiyani sakugwetsa misozi, amangotsitsa maso pang'ono, ndipo woonera amamva mkwiyo wonse popanda mawu. Elizabeth Chisela, amene ndi Nsansa, msuweni woledzera ndi wolongolola, amakuseketsani poyamba, kenako mumazindikira kuti phokoso lakelo ndi njira yobisira bala lomwelo.

Zimenezi zinandiganizitsa za osewera athu. Ambiri a iwo anakulira pa siteji ndi pa wailesi, ndipo mwambo umenewo ndi wolemekezeka, pakuti tonse tinakula tikumvera Sewero la Sabata Ino pa MBC, ndipo akulu athu amasimbabe za Du Chisiza Jr. ndi gulu lake la Wakhumbata pa French Cultural Centre. Koma pa siteji munthu amayenera kukweza mawu ndi kutambasula manja kuti wokhala kumbuyo amve, pamene kamera imafika pafupi ndi diso n'kuona ngakhale kuphethira. Wosewera akabweretsa machitidwe a pa siteji mufilimu, chisoni chimasanduka chionetsero, ndipo ndaonapo mafilimu akuno angapo momwe mayi woferedwa amadzigwetsa pansi kwa nthawi yaitali mpaka oonera kuyamba kuseka. Vuto lina ndi la zipangizo zojambulira mawu, chifukwa ngati makinawo ndi ofooka, wosewera amakakamizika kukuwa ngakhale pamene nkhani ikufuna kunong'ona.

Sindikunena kuti kuno kulibe odziwa ntchito. Ndinabwerezanso The Road to Sunrise ya Shemu Joyah ya 2017, yonena za amayi oyendayenda a mumzinda wathu uno, imene inapambana ku Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2018 monga filimu yabwino koposa ya kummwera kwa Africa. Mirriam Phiri anasewera Rubia modziletsa, ngati munthu amene moyo wamuphunzitsa kusadalira aliyense, ndipo sapempha chifundo kwa woonera. Fatsani ya Gift Sukali nayo ili ndi mphamvu pamene ikutionetsa mwana wogulitsa malonda mumsewu, ngakhale kuti m'malo ena imafulumira kutiuza phunziro lake tisanalipeze tokha.

Pa The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019 ndikudziwa kuti sitigwirizana, poti inu munaiyamikira yonse. Ndikuvomera kuti Chiwetel Ejiofor, wosewera wa ku Britain amene anaitsogoleranso filimuyi, anachita chinthu chaulemu pokajambulira ku Wimbe ku Kasungu komweko ndi pophunzira Chichewa kuti asewere bambo a William Kamkwamba, ndipo nkhope yake pa nthawi ya njala ya mufilimuyo imanena zoona zokhazokha. Komabe khutu la Mmalawi silinamizika. Akatsegula pakamwa, mawu amatuluka ouma, mamvekedwe ake akukwera pamene ife timatsitsa, ndipo maganizo anga amachoka pa njala n'kupita pa lilime lake. Lily Banda akangoyankhula monga Annie, mlongo wa William, nyumba ija imasanduka ya kwathu nthawi yomweyo. Amene amaonera ku London akuwerenga mawu olembedwa m'munsi sangaone kusiyanako, koma kwa ife n'kwakukulu.

Za m'mavidiyo shoo a ku Ndirande ndi ku Mbayani sindichulutsa. Anyamata omasulira mafilimu a nkhondo m'Chichewa adakalipo, ndipo nthabwala zawo nthawi zina zimaposa filimuyo, koma amayankhula mosapumira, moti wosewera akangokhala chete iwo amadzazapo mawu awo. Filimu ngati ya Shula singapulumuke m'manja mwawo.

Popeza kumeneko nyumba zoonetsera mafilimu n'zambiri, chonde muifunefune filimu ya Nyoni ija, muionere limodzi ndi alamu, ndipo mundilembere maganizo awo pa azakhali aja, pakuti ndikukayika ngati amayi angawaweruze mofanana ndi ife abambo. Mupereke moni kwa ana onse.

Ine mnzanu wa kalekale.