Madzi okhaokha mu redieta akupha mainjini a mapikapu

Akonzi,

Ndiloleni kamalo m'nyuzipepala yanuyi ndilankhuleko ndi anzanga eni mapikapu komanso madalaivala amene amawayendetsa. Nkhani yake ndi ya kulanti, madzi amtundu aja amathiridwa mu redieta. Anthu ambiri amakhulupirira kuti kulanti ndi wa maiko ozizira okhaokha komwe madzi amaundana, nde poti kwathu kulibe chisanu choteroko munthu angotunga madzi pampopi kapena pachitsime nkuthira, bola geji ya kutentha isakwere basi. Zimenezi zimandipweteka mtima chifukwa pikapu ndi galimoto yogwira ntchito yakalavula gaga, imanyamula katundu wolemera, imakoka ngolo, imakwera mapiri giya yotsika injini ikulira kwambiri koma liwiro lochepa mphepo yosalowa bwino ku redieta, ndipo galimoto yotereyi ndi imene ikufunika kulanti weniweni kuposa kagalimoto kongoyendera m'tauni.

Kulanti si madzi opaka utoto ayi. Muli mankhwala otchedwa ethylene glycol, muli madzi, komanso muli mankhwala ena oteteza ku dzimbiri, ndipo kwa ine gawo lomalizali ndi limene anthu amaliyiwala. Mkati mwa injini madzi amadutsa mu zitsulo zosiyanasiyana, buloko (thupi la injini) nthawi zambiri ya chitsulo, hedi (mutu wa injini) ya aluminiyamu, redieta ya aluminiyamu kapena ya kopa pa magalimoto akale, ndiye zitsulo zosiyana zikakhala m'madzi otentha amodzi zimadyana pang'onopang'ono. Madzi wamba alibe choletsa zimenezo. Komanso madzi a pampopi ndi a pachitsime ali ndi mchere ndi laimu, akatentha amasiya zoyera zija mumaziona pansi pa ketulo yomwe yagwira ntchito nthawi yaitali, ndiye taganizani zimenezo zikumatirira mu timapaipi ta redieta timene ndi tating'ono kale. Redieta imatsekeka theka mwini wake osadziwa, pampu ya madzi imadyeka mapiko, silu yake nkuyamba kudontha, timapulagi ta m'mbali mwa buloko timaboola ndi dzimbiri kuchokera mkati. Sizichitika tsiku limodzi, nchifukwa chake munthu amakutsutsa kuti ine ndayenda zaka ndi madzi okha palibe chachitika, koma mukamutsegulira redieta mumapeza madzi ofiira ngati matope.

Palinso nkhani ya kuwira. Madzi okha amawira pa madigiri 100 ukakhala kufupi ndi nyanja ya mchere, ndipo ukamakwera kumtunda amawira msanga kuposa pamenepo. Ukasakaniza theka kulanti theka madzi amawira cha pa 107, ndiye chivindikiro cha redieta chimawonjezera, chija chimalembedwa 0.9 kapena 1.1 pamwamba pake, manambala amenewo ndi a mphamvu ya mpweya imene chimagwira ndipo chikakhala chabwinobwino madzi amatha kupitirira madigiri 120 asanawire. Chivindikiro chotha labala kapena chofooka sipuling'i chimachotsa chitetezo chonsecho, galimoto nkumataya madzi tsiku ndi tsiku munthu nkumasakasaka podontha pomwe vuto lili pa kanthu kakang'ono kameneka. Koma tisapitirirenso muyeso mbali inayi, ena akamva kuti kulanti ndi wabwino amathira wosasungunula yekhayekha poganiza kuti ndiye injini izizizira kwambiri, ayi ndithu, madzi ndi amene amanyamula bwino kutentha kuposa glycol, ukachulutsa mankhwalawo kupitirira magawo 70 pa 100 injini imayamba kutentha. Theka ndi theka ndiye muyeso wake. Werengani pachigubu, ena amabwera osakaniza kale ongothira, ena ndi ofunika kusungunula, ndipo posungunula gwiritsani madzi oyeretsedwa aja amathiridwa m'mabatire, koma onetsetsani kuti ndi madzi chabe osati asidi.

Kulanti amatha mphamvu, mankhwala oletsa dzimbiri aja amaguga ngakhale mtundu ukuonekabe bwino. Wachikale uja, amene nthawi zambiri amakhala wobiriwira, amafunika kusintha pakatha zaka 2. Amakono amakhalitsa mpaka zaka 5 kapena kuposa, mwachitsanzo wa pinki wa Toyota amati koyamba usinthe galimoto itayenda makilomita 160,000 kenako pa makilomita 80,000 aliwonse. Buku la galimoto yanu ndi limene likuuzeni zoona zake. Ndipo musamagule potengera mtundu, mtunduwo ndi utoto chabe, zigubu ziwiri zofiira zitha kukhala ndi mankhwala osiyana kotheratu, ukasakaniza osagwirizana chitetezo chimachepa pena mpaka amapanga zoterera zotseka timapaipi. Ngati mwagula pikapu yakale ndipo simukudziwa chomwe mwini wake woyamba ankathira, khetsani zonse muyambe mwatsopano.

Kukhetsako si ntchito yovuta, munthu amene amatha kusintha oilo atha kuchita yekha. Choyamba injini ikhale yozizira kotheratu, bwino kuchita m'mawa galimoto itagona usiku wonse. Abale musatsegule chivindikiro injini ili yotentha, madzi amene ali mkatimo apitirira kale madigiri 100 akungogwiridwa ndi chivindikirocho, mukachimasula amasanduka nthunzi nthawi yomweyo nkukuthovukirani kumaso ndi m'manja, anthu apsa koopsa ndi zimenezi ndipo kansanza kamene mumagwirira sikangakutetezeni. Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, ikani beseni lalikulu pansi chifukwa mapikapu ambiri a dizilo amalowa malita 8 mpaka 12, tsegulani chivindikiro kenako kampopi kamene kamakhala pansi pa redieta pakona. Kambiri kamakhala ka pulasitiki ndiye musakakamize ndi pulayazi kangathyoke, ngati kakana kapena kulibe masulani kilampu ya paipi yaikulu ya pansi nkuisolola, kungoti pamenepo madzi amatuluka mwamphamvu mbali zonse.

Apa ndi pamene ambiri amalekera nkumati takhetsa, koma zomwe zatuluka mu redieta mwina ndi theka chabe, ena atsala mu buloko ndi mu hita yotenthetsa mkati mwa galimoto. Mainjini ambiri ali ndi bawuti kapena kampopi kena pambali pa buloko kokhetsera, ngati mungakafikire katseguleni. Ngati simungathe, tsekani pansi, dzazani madzi oyera, lizani injini itenthe, idikireni izizire, khetsaninso, muzibwereza mpaka otuluka akhale oyera. Zimatenga nthawi chifukwa cha kudikira kuti izizire koma musafupikitse pothira madzi ozizira mu injini yotentha, hedi imatha kupindika kapena kung'aluka. Kachigubu ka pulasitiki ka pambali pa redieta kosungira madzi owonjezera kaja nakonso kachotseni mukatsuke, pansi pake pamakhala matope. Ndiye kumbukirani kuti mukatsukuluza chonchi mu buloko mwatsala madzi okha, mukathira wosakaniza kale asungunukanso, nchifukwa chake ndi bwino kuyamba kuthira wosasungunula wokwana theka la malita onse amene injini imalowa, kenako nkudzazitsa ndi madzi. Pomwe manja ali kale mmenemo finyani mapaipi onse, lomwe lafewa kwambiri, latupa kapena lauma mpaka kuchita ming'alu lisintheni pompo, kusiyana nkuti lidzaphulike muli pakati pa ulendo ndi katundu.

Tsopano chimene ndikufuna chimveke kwambiri ndi mpweya. Mukakhetsa, m'malo monse munali madzi mwalowa mpweya, ndipo mukathira atsopano si wonse umatuluka wokha, umatsakamira pamwamba mu hedi, kuseri kwa themositati (kachipangizo kamene kamatsegula njira ya madzi opita ku redieta injini ikatentha) ndi mu hita. Pomwe pali mpweya chitsulo sichikuzizira. Choopsa nchakuti kachipangizo koyeza kutentha kakakhala mu mpweya m'malo mwa madzi geji imatha kuonetsa kuti zonse zili bwino pomwe hedi ikupsa, ndiye munthu wachita chinthu chabwino kusintha kulanti koma patangopita masiku gasiketi ya pakati pa hedi ndi buloko yapsa, nkuyamba kuuza anzake kuti kulanti ndi amene anawononga galimoto yanga bola madzi. Sanali kulanti, unali mpweya. Thirani pang'onopang'ono ndi fanelo, osati kukhuthula chigubu chonse kamodzi. Ngati injini yanu ili ndi kabawuti kotulutsira mpweya pamwamba, kamasuleni mpaka madzi azituluka opanda thovu nkukamanga. Ikani hita pa kutentha kwambiri, ngakhale kunja kukutentha bwanji, kuti madzi adutsenso mmenemo. Kutsogolo kwa galimoto kukakwererako pang'ono zimathandiza chifukwa mpweya umathamangira pokwera. Lizani injini chivindikiro chili chotsegula, isiyeni izilira pamalo pomwepo, muzifinya paipi yaikulu ya pamwamba mosamala manja ndi malaya zili kutali ndi fani ndi malamba, muona thovu likutuluka madzi akutsika, muziwonjezera. Themositati imatseguka cha pa madigiri 82 mpaka 88 malinga ndi injini, mudziwa kuti yatseguka paipi ya pamwamba ikatentha ndithu madzi nkutsika kamodzinkamodzi. Thovu likasiya ndipo hita ikutulutsa mpweya wotentha, tsekani chivindikiro, dzazani kachigubu ka pambali mpaka pamzere wake osapitirira, yendani kamtunda pang'ono diso lili pa geji. Mawa lake m'mawa injini ili yozizira yang'ananinso, kawirikawiri mupeza atsikako, wonjezerani, ndipo muzichita chonchi kwa masiku angapo mukusuzumiranso pansi ngati pakudontha.

Hita ikamatulutsa mpweya wozizira injini itatentha kale dziwani kuti mpweya udakalimo kapena madzi ndi ochepa. Koma thovu likamangotuluka osaleka, kapena ku ekizozi kukutuluka utsi woyera wambiri wosatha, kapena oilo wasanduka wotuwa ngati wathiridwa mkaka, pamenepo si za mpweya wotsalira ayi, gasiketi ya hedi yapita kale ndipo kusintha kulanti sikungachize, pitani kwa makaniko injini isananoke.

Ndiwapemphekonso amakaniko athu, chonde siyani kuchotsa themositati nkutaya. Galimoto ikabwera ikutentha ena amangoichotsa nkumuuza mwini wake kuti kuno nkotentha siifunika. Injini inapangidwa kuti izigwira ntchito pa kutentha kwake koyenera, ikamayenda yozizira imamwa mafuta ambiri, imadyeka msanga mkati, ya dizilo imachita utsi ndi mwaye, ndipo pa mainjini ena themositati ndi imene imatseka kanjira kachidule ka madzi, ukaichotsa madzi ena amangozungulira mu injini osapita ku redieta ndiye vuto la kutentha lija limakula m'malo mochepa. Ngati yafa ikani ina. Ngati siinafe fufuzani chenicheni, kaya ndi redieta yotsekeka, kaya fani, kaya pampu, kaya chivindikiro.

Inde pangozi, paipi yaphulika muli patali, thirani madzi aliwonse oyera amene mwapeza injini itazizira kuti mukafike, palibe angakudzudzuleni. Koma mukafika khetsani muike oyenera, osati madzi a pangozi aja akhale momwemo chaka chonse.

Za kulanti wakale amene mwakhetsa uja, musamusiye m'beseni poyera ngakhale kwa kanthawi. Ethylene glycol amatsekemera ndipo ndi poizoni woopsa, galu, mphaka kapena mwana wamng'ono akamwa pang'ono chabe impso zimawonongeka mpaka imfa, ndipo poyamba wakumwayo amangooneka ngati waledzera anthu nkumachedwa kuthamangira kuchipatala. Ngati mwana wamwa musadikire zizindikiro, thamangani naye nthawi yomweyo mutanyamula chigubucho adokotala akaone chomwe wamwa. Musathire m'botolo la zakumwa, muikeni m'chigubu chomwe munagulira watsopano, tsekani bwino nkulembapo, musataye m'ngalande, mumtsinje kapena pafupi ndi chitsime, funsani ku galaja komwe amasonkhanitsa oilo wakutha ngati angamulandire. Pomwe watayikira pansi pukutani nkutsukapo ndi madzi ambiri ziweto zisanafike.

Akonzi, ndikupempha kuti tsamba lanu la za magalimoto lizilembako nkhani ngati zimenezi pafupipafupi, ndipo ogulitsa kulanti aziwafotokozera ogula ngati chigubucho chili chosakaniza kale kapena chofunika kusungunula komanso ngati chikugwirizana ndi injini yawo, poti ambiri amangopatsidwa chigubu m'manja osauzidwa kanthu.

Ine wowerenga wanu,
Dalaivala wa pikapu