Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zamaphunziro: Ana Athu Amve Chiyambi cha Thangata

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mphunzitsi wopuma pantchito wa ku Chiradzulu, ndipo pempho langa ndi limodzi lokha: mukadzakhala pansi ndi akatswiri a unduna wanu kuunikanso mabuku a mbiri ya dziko lino, mudzawakumbutse kuti kubwera kwa azungu sikunali nkhani ya zaka ndi mayina a abwanamkubwa chabe, koma kunali kukumana kwa anthu amene ankamva mawu amodzi mosiyana.

Tsiku lina ndinafunsa ana a m'kalasi mwanga tanthauzo la thangata, ndipo onse anayankhira pamodzi kuti ndi ntchito yokakamiza ya m'maesiteti, monga mmene analowezera. Nditawafunsa chimene amayi awo amatanthauza akamati "ndithangateniko kusenza mtolowu", m'kalasimo munangoti zii. Palibe anaona kuti ndi mawu amodzimodzi, ndipo sindiwanena anawo, chifukwa buku limene tinkagwiritsa ntchito silinawauze.

Nkhaniyi imayambira pa malo. Dziko lino litalowa m'manja mwa Britain m'chaka cha 1891, Harry Johnston, amene ankalamulira dzikoli m'malo mwa Britain, anayamba kuunika zonena za azungu amene ankati anagula malo kwa mafumu, n'kumawapatsa zikalata zotchedwa Certificate of Claim. Malipiro ake nthawi zambiri anali nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Kwa mzungu, chizindikiro cha mfumu papepala chinkatanthauza kuti malowo ndi ake mpaka muyaya, pamene kwa mfumu ya Chimang'anja kapena ya Chiyao katunduyo anali mphatso ya mlendo wodzapempha polima, amene amamulozera malo koma nthaka n'kukhalabe ya eni mudzi. Mfumu inkangosunga dziko m'malo mwa mbumba yake, makolo ogona kumanda ndi ana amene sanabadwe, choncho sikanagulitsa chinthu chimene sichinali chake.

Zikalatazo zinkanenadi kuti midzi ndi minda imene inalipo isasokonezedwe, koma amene anazilemba sanalabadire kalimidwe ka makolo athu. Nthaka ikaguga, iwo ankaisiya kuti igone tsala n'kukaswa mphanje kwina, pamene mzungu ankaona tsalalo ngati thengo lopanda mwini. Banja likangosamutsa munda kapena mudzi, linkasanduka lobwera pamalo a makolo ake. Alomwe amene ankalowa kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi ndiye analibiretu chowateteza.

Apa ndi pamene thangata anasintha nkhope. Kale kuthangata kunali kuthandizana: mwini munda ankaitana anzake kudima, ankawafululira mowa kapena thobwa, ndipo mawa lake iyenso ankanyamula khasu kupita kumunda kwa mnzake. Eni maesiteti anatola mawu omwewo n'kuwasandutsa lendi, kuti munthu agwire ntchito mwezi umodzi polipirira malo okhala ndi mwezi wina polipirira msonkho wa nyumba, kawirikawiri m'nyengo ya dzinja pamene chimanga chake chomwe chikufuna kupalira. Mweziwo sunkatha poona kumwamba ayi, unkatha kapitawo akadzaza tikiti yowerengera masiku a ntchito, ndipo masabata ankatalika monga mmene bwana wafunira.

Ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce imene ankayang'anira William Jervis Livingstone, zimenezi zinafika pa mwana wakana phala. Nyumba zopemphereramo za mpingo wa John Chilembwe zinkatenthedwa, ndipo munthu wakuda wovala bwino ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu panjira. Chomvetsa chisoni n'chakuti eni esitetiyo anali a banja la David Livingstone, yemwe mabuku omwewo amamutamanda chifukwa cholimbana ndi ukapolo. Mwana akamva zonsezi, zimene zinachitika usiku wa pa 23 Januwale 1915, pamene otsatira a Chilembwe anaukira azungu n'kupha William Jervis Livingstone, sizimuonekeranso ngati mkwiyo wa tsiku limodzi, ndipo amamvetsa chifukwa chake dandaulo la thangata linapitirirabe kufikira pamene lamulo la mu 1962 linamuthetsa.

Sindikupempha kuti tiphunzitse ana chidani, chifukwa azunguwo nawonso anabwera ndi kaganizidwe kakwawo, koti choona ndi chimene chalembedwa ndipo malo opanda mpanda alibe mwini, ndipo ana ayenera kukamvetsa kaganizidweko monga momwe ayenera kumvetsa ka makolo awo. Chimene ndikupempha n'chakuti m'buku la mbiri mukhale mutu woika maganizo awiriwa pafupi, wolembedwa ndi mawu athu monga tsala, mphanje, dima ndi thangata, komanso kuti aphunzitsi apatsidwe nthawi yotengera ana kwa agogo amene anamva nkhanizi kwa makolo awo asanatisiye. Ndikuganizira makamaka ana a ku Thyolo ndi ku Mulanje, amene amadutsa m'minda ya tiyi m'mawa uliwonse popita kusukulu, kwinaku kunyumba akumva makolo awo akudandaula za kuchepa kwa malo olima.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wopuma pantchito, Chiradzulu