Lipoti la nthumwi pa msonkhano wokambirana za kusintha kasanjidwe ka mabuku

Apampando ndi mamembala olemekezeka a komiti ya laibulale,

Munandituma kuti ndikayimire koleji yathu pa msonkhano wa oyang'anira malaibulale a m'makoleji, ndipo munandipatsa funso limodzi loti ndikalifufuze: kodi tisiye kusanja mabuku athu motsatira dongosolo la Dewey n'kuyamba kutsatira la Library of Congress? Yankho lomwe ndabwera nalo ndi lakuti phindu la kusinthaku lilipo ndithu, koma limaoneka pokhapokha ntchito yonse ikamalizidwa, pomwe laibulale yomwe yayamba n'kulekera panjira imakhala ndi mavuto oposa omwe inali nawo poyamba.

Zokambirana zinayamba ndi kukumbutsana chiyambi cha madongosolo awiriwa. Melvil Dewey anasindikiza dongosolo lake mu 1876 akugwira ntchito mu laibulale ya Amherst College ku America, ndipo anagawa nzeru zonse za anthu m'magulu khumi, kuyambira 000 mpaka 900. Dongosolo la Library of Congress linayamba kukonzedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 pofuna kusanja mabuku a laibulale ya nyumba ya malamulo ku Washington, ndipo lili ndi magulu akuluakulu 21 odziwika ndi zilembo. Mayunivesite ambiri a ku America anasiya Dewey m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, makamaka chifukwa makadi a katalogi omwe ankagula ku Library of Congress ankabwera ndi nambala yathunthu ya buku, zomwe zinkachepetsa ntchito ndi ndalama zolipira osanja mabuku.

Chifukwa chimenechi chidakalipobe, ngakhale makadi analowedwa m'malo ndi makompyuta. Mu rekodi ya MARC 21, yomwe ndi ndondomeko yolembera tsatanetsatane wa buku m'katalogi ya pakompyuta, nambala ya Library of Congress imalembedwa pa mzere 050 ndipo ya Dewey pa 082. Kwa mabuku a maphunziro apamwamba, nambala ya pa 050 kawirikawiri imabwera yokwanira, ili kale ndi chizindikiro cha wolemba ndi chaka, pomwe ya pa 082 imangotchula phunziro, n'kusiyira wogwira ntchito kuti awonjezere zotsalazo. Anzathu omwe anasintha kale anati apa ndi pomwe akuonera phindu tsiku ndi tsiku, chifukwa buku latsopano silichedwanso kufika pa shelefu.

Mfundo yachiwiri inali ya malo. Dewey, pokhala ndi magulu khumi okha, amathinitsa maphunziro omwe akula kwambiri m'zaka zathu zino. Mabuku a makompyuta, mwachitsanzo, anapanikizidwa pa 004 mpaka 006, ndipo zilankhulo zolembera mapulogalamu zimaunjikana pa 005.133, pomwe dongosolo linalo limapereka nambala yakeyake kwa chilankhulo chilichonse pansi pa QA76.73. Chimodzimodzinso pa zolembalemba: Dewey amalekanitsa ndakatulo, zisudzo ndi nthano zopeka za mlembi mmodzi, komanso amaika chilankhulo pa 400 ndi zolemba zake pa 800, pomwe Library of Congress imasonkhanitsa zonsezi pansi pa P.

Sikuti onse anagwirizana nazo. Ena anakumbutsa msonkhano kuti madongosolo onse awiri ali ndi tsankho la nthawi ndi malo omwe anabadwira. Dewey anapereka 220 mpaka 280 ku Baibulo ndi Chikhristu n'kusiyira zipembedzo zina zonse 290, koma Library of Congress nayo inapereka zilembo ziwiri, E ndi F, ku mbiri ya maiko a America, pomwe mbiri ya Africa yonse ili m'kagawo kamodzi ka DT. Amene akusintha poganiza kuti akuthawa tsankho akudzinamiza. Anawonjezeranso kuti laibulale yaing'ono, yomwe mabuku ake ambiri ndi ophunzirira m'kalasi okhala ndi makope ambirimbiri, sipindula kwenikweni, chifukwa vuto la manambala a Dewey, omwe amatalika mabuku akathinana pa phunziro limodzi, silifika poisautsa, ndipo ophunzira ambiri amabwera akudziwa kale Dewey. Mfundo imeneyi ndinaiona kuti ndi yolemera, ndipo ndikupempha kuti komiti isaipeputse.

Nthawi yaikulu ya msonkhano inathera pa ntchito yeniyeniyo, ndipo apa ndikufuna ndikhalitsepo pang'ono. Kusintha manambala m'kompyuta ndi gawo lopepuka, popeza mapulogalamu monga MarcEdit amatha kukonza marekodi zikwizikwi nthawi imodzi, ndipo manambala osowa amapezeka m'makatalogi a malaibulale ena. Cholemetsa ndi chakuti buku lililonse liyenera kutsitsidwa pa shelefu, kutsimikizidwa kuti likugwirizana ndi rekodi yake, kumatidwa lebulo yatsopano pamsana, kenako kuikidwa pamalo ena. Mongoyerekeza chabe, buku limodzi litati litenge mphindi zisanu, mabuku 60,000 angafune maola 5,000, omwe ndi masiku 625 a munthu mmodzi wogwira ntchito maola asanu ndi atatu patsiku, tisanawerengere mabuku omwe alibe nambala ya pa 050, monga malipoti a kafukufuku wa ophunzira ndi mabuku osindikizidwa ndi makampani aang'ono, omwe amafuna katswiri woti awapezere nambala limodzilimodzi.

Vuto lina lomwe ambiri saliganizira poyamba ndi lakuti magulu a madongosolo awiriwa sagwirizana pa shelefu. Mabuku a pa 300 okha a m'dongosolo la Dewey amabalalika kupita ku zilembo H, J, K ndi L za Library of Congress, kutanthauza kuti simungakhuthule shelefu imodzi n'kuidzazanso ndi mabuku omwewo. Pamafunika malo opanda kanthu osungirapo mabuku mongoyembekezera, ndiponso kuyeza pasadakhale kutalika kwa mashelefu omwe chilembo chilichonse chidzatenge, kuphatikizapo malo a mabuku obwera m'tsogolo. Omwe sanayeze anatiuza kuti anasuntha mabuku omwewo kawiri.

Njira zogwirira ntchitoyi zomwe zinafotokozedwa zinali zitatu. Ena amatseka laibulale nthawi ya tchuthi chachitali n'kusintha zonse kamodzin'kamodzi, zomwe zimafuna anthu ambiri ndi malebulo osindikiziratu. Ena amapita gulu ndi gulu, laibulale ili yotsegula. Njira yachitatu ndi yoyamba kusanja mabuku atsopano okha m'dongosolo latsopano, akalewo n'kuwasiya kuti adzasinthidwe ndalama zikadzapezeka. Njira yomalizayi imakopa chifukwa siifuna ndalama zambiri poyamba, koma omwe anaitsata anavomereza kuti ndalamazo sizinapezeke msanga, ndipo kwa zaka zambiri wophunzira wofuna mabuku a zaulimi ankayenera kuyang'ana pa 630 komanso pa S, m'zipinda ziwiri zosiyana. Kuona kwanga n'kwakuti njira imeneyi tisaiyandikire n'komwe, pokhapokha tsiku lomaliza ndi ndalama zake zitalembedwa mu bajeti tisanayambe.

Za owerenga zinakambidwa mwachidule, koma chimodzi n'chofunika kuchidziwa. Nambala ya Library of Congress imawerengedwa mwanjira ziwiri: nambala yotsatana ndi zilembo ndi yathunthu, kotero QA76 imabwera QA700 isanafike, koma ya pambuyo pa kadontho imawerengedwa ngati desimo, kotero .B45 imatsogola ndipo .B5 imabwera pambuyo. Obwezera mabuku pa shelefu akapanda kuphunzitsidwa zimenezi, buku limasowa lili mu laibulale momwemo.

Apampando, poganizira zonsezi, ndikupempha komiti kuti iyambe yalamula kuti mabuku onse awerengedwe, ndipo otha ntchito ndi ong'ambika achotsedwe, chifukwa palibe chifukwa cholipirira lebulo ya buku loyenera kutayidwa. Pambuyo pake oyang'anira katalogi atiuze kuchuluka kwa marekodi athu omwe ali kale ndi nambala pa 050, popeza chiwerengero chimenecho ndi chomwe chidzaonetse kukula kwenikweni kwa ntchito ya akatswiri. Ndikupemphanso kuti tiyesere gulu limodzi laling'ono pa tchuthi chikubwerachi, posindikiza malebulo ndi kuyeza nthawi popanda kuwamata pa mabuku, kuti tikadzaganiza zosasintha tisadzakhale titasokoneza kanthu. Akuluakulu a madipatimenti afunsidwe maganizo awo ntchito yoyeserayo isanayambe, ndipo zotsatira zake zidzaperekedwe ku komiti pa msonkhano wake woyamba wa semesita yotsatira, pamodzi ndi bajeti ya ntchito yonse.

Ine nthumwi yanu.