Kamfuno wakumtundu tisamamuone mopepuka

Akonzi,

Ndiloleni ndiuze owerenga za matenda osowa otchedwa HHT, omwe madokotala amawatchulanso Osler-Weber-Rendu. Amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 5,000 ndipo ndi akumtundu: kholo likakhala nawo, mwa ana awiri alionse mmodzi akhoza kutengera.

Vuto lili m'mitsempha ya magazi. Timitsempha tina timafutukuka n'kukhala ndi khungu lopyapyala, kotero timaphulika msanga. Kunja timaoneka ngati timadontho tofiira tonga mutu wa phini pamilomo, palilime ndi kunsonga kwa zala. Mukatidina timazimirira, mukasiya timabwerera. Pakhungu lakuda sitioneka bwino, choncho tembenuzani mlomo wam'munsi muunike ndi tochi.

Chizindikiro choyamba ndi kamfuno wobwerezabwereza, kawirikawiri kuyambira paubwana. Koma timitsempha tomweti timakhalanso m'mimba ndi m'matumbo, ndipo mwa odwala ena, makamaka akapitirira zaka 40, timayamba kudontha mwakachetechete. Chimbudzi chimada ngati phula, mwina osasintha n'komwe, koma magazi akutha. Apa m'pomwe timasochera kwathu kuno. Wodwala amapatsidwa mankhwala a malungo, a njoka zam'mimba, mapiritsi a ayironi, mwinanso kuikidwa magazi, pakatha miyezi wabweranso m'zikhatho muli mbuu, akupuma mwawefuwefu. Palibe amamufunsa ngati mayi ake kapena bambo ake ankatuluka kamfuno.

Choopsa china chili m'mapapo. Mitsempha ikalumikizana molakwika, magazi amadutsa osasefedwa, tizilombo ndi timibulu ta magazi n'kukafika ku ubongo. Zotsatira zake ndi sitiroko kapena chotupa cha mafinya muubongo. Amayi oyembekezera ndiwo ali pachiopsezo chachikulu, chifukwa mitsempha yotereyi imakula ndi mimba.

Madokotala amaona zinthu zinayi: kamfuno, timadontho, mitsempha yolakwika m'kati mwa thupi, ndi kholo, m'bale kapena mwana wodwala chimodzimodzi. Zitatu zikapezeka, ndi HHT ndithu, ndipo wodwalayo atumizidwe kuchipatala chachikulu akamuunike mapapo ndi m'mimba.

Kamfuno akayamba, khalani pansi, weramirani kutsogolo, tsinani pofewa pa mphuno mphindi 15 osalekeza. Kugadamitsa mutu kumangomwetsa magazi. Nyengo yachilimwe pakani Vaseline pang'ono m'mphuno kuti musaume. Aspirin ndi ibuprofen wogula pagolosale amawonjezera kutaya magazi. Mutu ukawawa imwani paracetamol.

Wanu,
Wokhudzidwa ndi zaumoyo