Kamtanda ka ankh si ka anamapopa

A Mkonzi,

Loweruka lapitali ndinakwera minibasi ku Limbe ndi mdzukulu wanga wa Fomu 3. M'khosi anavala katcheni kamene anagula yekha pa msika, kokhala ndi kamtanda kobulungira kumutu ngati mphete. Tisanafike pa Ginnery Corner, mayi wina kumbuyo kwathu anamukoka bulauzi n'kunena mokweza kuti, "Iwe mwana, zimenezi ndi za anamapopa, ndinaziona pa TV." Minibasi yonse inangoti zii. Mwana anabisa katcheni manja akunjenjemera, ine thukuta lili kamukamu mpaka tinatsika.

Mayiyo sananame kuti anakaona. M'masewero a azungu onena za mizukwa yoyamwa magazi, amene ana athu amagonera usiku, kamtandaka kamaonekadi. Koma eni ake ndi Aafirika anzathu a ku Egypt wakale, Iguputo wa m'Baibulo uja. Dzina lake ndi ankh, ndipo m'malembedwe awo tanthauzo lake ndi moyo. Pa makoma a akachisi anajambula milungu yawo ikulozetsa ankh pa mphuno ya Farao, kumupatsa mpweya. Liwuli lili ngakhale pakati pa dzina la Tutankhamun, mfumu yachinyamata ija imene manda ake anapezeka mu 1922. Akhristu oyambirira a ku Egypt, a mpingo wa Coptic, anakatenga n'kumakajambula ngati mtanda wa Ambuye.

Nkhani za akufa odzuka kudzayamwa amoyo kwawo ndi kum'mawa kwa Ulaya, monga ku Serbia komwe m'ma 1720 anthu a m'midzi ankafukula manda chifukwa cha mantha. Buku la Dracula, lonena za mzukwa woyamwa magazi, linabwera mu 1897. Opanga mafilimu anangoona kuti mzukwa wawo sufa, basi n'kuuveka chizindikiro cha moyo cha eni ake.

Nthano ya magazi ku Egypt iliko, ya Sekhmet, mulungu wamkazi wa mutu wa mkango. Ra, mulungu wa dzuwa, anamutuma kukalanga anthu, koma Sekhmet atalawa magazi sanafunenso kuleka. Ra anamva chisoni. Analamula kuti afulule mowa mitsuko 7,000, athiremo dothi lofiira ngati katondo, aukhuthulire m'minda usiku. M'mawa Sekhmet anayesa magazi, anamwa mpaka kuledzera, n'kuiwala zopha. Nthanoyi ndinkawafotokozera ana a sukulu ndisanapume ntchito, ndipo imathera pa kupulumuka kwa anthu.

Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti kuno liwu loti namapopa si la masewera. Mu 2017 mphekesera zinayambira ku Mulanje ndi Phalombe, zinafika mu Blantyre muno, wina anatenthedwa, wina anagendedwa mpaka kufa. Bungwe la United Nations linachita kuchotsa antchito ake m'maboma ena. Ife tinaziona ndi maso. Mu minibasi muja mukanapezeka anthu awiri okha ovomereza mayi aja, lero ndikanalemba kalata ina.

Pempho langa n'lakuti tsiku lina musindikize chithunzi cha ankh ndi tanthauzo lake m'Chichewa, kuti amene anakaona pa kanema akaonenso m'nyuzipepala. Katcheni kaja kali m'kabati mwanga. Mwana wakana kukavalanso, ndipo ine sindinamukakamize.

Mphunzitsi wopuma,
Chilomoni, Blantyre