Ophunzira unamwino atsopano apatsidwe owagwira mkono

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za ana athu amene akuphunzira unamwino muno mu Blantyre, kaya ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS) kapena ku Malawi College of Health Sciences, makamaka a chaka choyamba. Mwana amachoka ku CDSS ya kumudzi atakhoza bwino MSCE, n'kufika m'tauni momwe sadziwa ngakhale pokwerera minibasi ya ku Ginnery Corner. Ndalama ya ngongole sinafike, malo ogona ndi ofunafuna, ndipo wina wochokera ku Rumphi kapena ku Mangochi Chichewa chikumuvutabe. Zotere sazinena kwa mphunzitsi. Amazinena kwa mnzake amene anadutsamo chaka chatha, ngati alipo.

Pempho langa n'lakuti kuthandizana kumeneku kusadalire mwayi. Sukulu izikonze mwadongosolo. Wophunzira wa chaka chachiwiri kapena chachitatu apatsidwe atsopano anayi kapena asanu, osapitirira apo, chifukwa nayenso ali ndi mayeso ndi manaiti ake. Wa chaka chachinayi amakhala atatanganidwa ndi kafukufuku komanso mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi, ndiye tisamusenzetse. Wothandiza adzipereke yekha, aphunzitsidwe tsiku limodzi kapena awiri za kumvetsera ndi kusunga chinsinsi, kenako azikumana ndi gulu lake sabata iliyonse m'miyezi iwiri yoyamba. Mphindi 30 zimakwana. Gulu la WhatsApp ndi labwino, koma mwana wosowa bandulo ndi yemwe amafunika thandizo kwambiri, ndipo ndi yemweyo amene sawerenga mauthengawo.

Pomwe wothandizayu amafunikira koposa ndi tsiku loyamba kulowa mu wodi, kaya ku Gulupu kapena ku Ndirande ndi Zingwangwa. Mwana amaima pakhomo ndi yunifomu yake yatsopano, wotchi yopachika pachifuwa, osadziwa kuti moni ayambe kwa ndani. Mnzake wamkulu amuuze usiku wake: fika malipoti a m'mawa asanayambe, kadzionetse kwa intchaji (namwino woyang'anira wodi), tenga cholembera ndi kabuku, mpweya wa wodwala uziwerenga mphindi yathunthu, osangoyerekeza. Amuuzenso kuti agogo akati "mutu waukulu" kapena "mtima ukuthamanga", afunsitse bwino asanalembe.

Koma chachikulu ndi singano. Wophunzira watsopano akadzibaya ndi jakisoni amene wabayira wodwala, kawirikawiri amabisa, poopa kukalipidwa ndi kusekedwa. Kubisako n'koopsa. Ayenera kusamba pobayapo ndi madzi ndi sopo, osafinya, n'kuuza intchaji nthawi yomweyo, chifukwa mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa msanga, maola 72 asanadutse, ndipo amamwedwa masiku 28. Izi m'kalasi amaphunzira, inde, koma mantha akagwira, mwana amathamangira kwa amene amamukhulupirira. N'chimodzimodzi tsiku lomwe waona wodwala akutsirizika m'manja mwake koyamba. Asabwerere kuhositelo n'kukagona yekha ndi chithunzi chimenecho.

Dongosololi limasokonekera likasowa woliyang'anira. Wothandiza wina amasanduka bwana, kumatuma ana kuchapa ndi kusita. Wina amatengerapo mwayi wofunsira mtsikana yemwe wapatsidwa, ndipo mwanayo amasowa pokanira. Wina, ndi mtima wabwino ndithu, amaphunzitsa njira zachidule zomwe anatolera mu wodi, monga kubwezera chivundikiro pa singano yogwiritsa kale ntchito, chomwe n'chimene chimabayitsa anthu. Choncho malire alembedwe poyera: wothandiza sasainira mnzake luso m'buku la ntchito, saphunzitsa mlingo wa mankhwala popanda namwino wovomerezeka, sakongoza ndalama za katapila. Akaona mwana wasiya kudya, akujomba, kapena akunena zodzipha, asayese kukhala mlangizi. Amuperekeze tsiku lomwelo kwa mphunzitsi kapena waphungu wa pasukulu. Ndipo mwana akhale ndi ufulu wosintha womuthandiza popanda kufotokoza chifukwa.

Akuluakulu a sukuluzi asankhe mphunzitsi mmodzi woti azikumana ndi othandizawa kamodzi pamwezi, kumva zomwe akuona ndi kuwapepukitsa pomwe zawalemera. Pamapeto pa chaka awapatse kalata yoyamikira yoti adzaiike pa CV pofunsira ntchito.

Namwino wodera nkhawa,
Chilomoni, Blantyre