Kwa mwana wanga: za Cape Verde ndi bwalo lanu la ku Linthipe

A Ngozo mwana wanga,

Kuno ku Lizulu tili bwino, kaya inu, apongozi athu ndi adzukuluwo. Mwati a hedi akupatsani udindo wa zamasewera ndipo mukufuna kuyambitsa basketball, koma aphunzitsi anzanu akukugwetsani mphwayi poti sukuluyo ndi yaing'ono. Musanawamvere, tamvani za Cape Verde.

Dzikoli ndi zilumba khumi m'nyanja ya Atlantic, kumadzulo kwa Senegal, ndipo linalandira ufulu kwa Apwitikizi mu 1975. Kalembera wawo wa 2021 anapeza anthu osakwana 500,000. Wathu wa 2018 anapeza anthu oposa 830,000 m'boma la Dedza lokha, Ntcheu pafupifupi 660,000. Choncho boma limene mukuphunzitsalo lili ndi anthu ambiri kuposa dziko lomwe timu yake ya amuna inasewera World Cup ya basketball mu 2023.

Sanafikepo mwadzidzidzi. Mu 2007, pa mpikisano wa AfroBasket, wa mayiko a mu Africa, ku Angola, anagonjetsa Egypt n'kumaliza pa nambala 3. Zimenezi zinawatengera ku Athens mu 2008 kukalimbirana malo a ku Olympics, koma New Zealand ndi Germany anawakwapula, nabwerera chimanjamanja. Anadzafikanso m'ndime ya matimu anayi omaliza a AfroBasket mu 2021 ku Kigali, komwe anagonja kwa Tunisia ndi Senegal n'kukhala achinayi. Mu February 2023 ku Luanda anagonjetsa Ivory Coast n'kutenga amodzi mwa malo asanu a Africa ku World Cup. Nigeria, Senegal ndi Tunisia anatsala kunyumba. Ku World Cup komweko, ku Okinawa, Japan, anagonja kwa Georgia, kenaka pa 28 August anagonjetsa Venezuela 81-75, chonsecho popita kokapuma anali kumbuyo. Masewera atatu otsalawo anagonja, namaliza pa nambala 28 mwa matimu 32. Kuchokera 2007 kufika 2023 ndi zaka 16, muwerenge bwino pamenepo.

Anthu akamakamba za timuyi amathamangira kutchula Walter Tavares, amene amamutcha Edy, chimphona cha mamita 2.20 cha ku timu ya basketball ya Real Madrid. Anabadwa mu 1992 pa kachilumba ka Maio, ndipo mpaka zaka 17 anali asanasewerepo basketball. Mlendo wina wa ku Germany ndiye anamuona, nauza a kalabu ya Gran Canaria ku Spain, omwe anamutenga mu 2009 n'kuyamba naye pa chiyambi penipeni. Mu 2014 Atlanta Hawks inamusankha ku NBA, ligi yaikulu ya ku America. Mu 2017 anapita ku Real Madrid, komwe watenga chikho cha makalabu a ku Ulaya, EuroLeague, mu 2018 ndi 2023. Koma tsiku la Venezuela, wogoletsa kwambiri anali Betinho Gomes, bambo wa zaka 38. Mutu umodzi susenza denga: wamtali anali ndi anthu okhwima omuzungulira, monga abale awiri Ivan ndi Joel Almeida, ozolowerana kwa zaka zambiri.

Chimodzi chokha simungatengere. Cape Verde ili ndi ana ake ambiri obadwira ku Portugal ndi ku America, ndipo ena amabwera kudzasewerera dziko la makolo awo. Apo ponse FIBA, bungwe loyendetsa basketball pa dziko lonse, inatchingira: wotenga pasipoti atakwanitsa zaka 16 amawerengedwa ngati wobwera, ndipo wotere amaloledwa mmodzi yekha m'timu ya anthu 12. Inu ku Linthipe mulibe oitanitsa kunja. Chanu ndi kufufuza, kuphunzitsa pang'onopang'ono ndi kusunga gulu limodzi.

Kufufuzako yambani ndi tepi. Lembani masentimita pakhoma la kalasi, muyeze ana onse a Fomu 1 ndi 2, anyamata ndi atsikana, atavula nsapato. Muyezenso kutambasuka kwa mikono, kuchokera nsonga ya chala mpaka nsonga inayo. Mwana amene mikono yake yaposa msinkhu wake ndi wofunika ngakhale asakhale wamtali koposa. Bwerezani teremu iliyonse. Amene mukumufunayo nthawi zambiri sadzabwera yekha, chifukwa ku mpira wamiyendo anamuseka kale kuti ndi nsungwi, ndipo amayenda chowerama.

Mukamupeza musamuimike pansi pa ringi kuti azingolandira n'kuponya. Apa ndi pomwe makochi ambiri amaphera ana aatali: amawinira sukulu masewera awiri atatu, koma akakumana ndi wamtali mnzake alibe china chodziwa. Aphunzire zonse monga anzake. Teremu yoyamba ikhale ya kunjanjitsa mpira ndi manja onse awiri maso ali kutsogolo, kuima ndi kuzungulira phazi limodzi lili pansi osalikwakwaza, kupatsirana kuchokera pachifuwa ndi konjanjitsa, ndi kugoletsa chothamanga mbali zonse ziwiri. Dzanja lofooka lipatseni nthawi yowirikiza. Za kuponyera kutali aiwale kaye. Mwana wopanda mphamvu akamaponyera patali amakankha mpira ndi manja awiri kuchokera m'chiuno, ndipo chizolowezi chimenecho kuchichotsa ndi ntchito. Ayambire mita imodzi kuchokera pa ringi, dzanja limodzi, chigongono chili pansi pa mpira, n'kumabwerera m'mbuyo akamagoletsa mosaphonya. Mwana amene akukula msanga akamadandaula ululu pansi pa bondo, muchepetsereni zodumpha, ndipo ukapitirira apite kuchipatala.

Tsopano bwalo. Lathunthu ndi mamita 28 m'litali, 15 m'lifupi, ndipo komiti ya sukulu ikamva mtengo wake ikuthawani. Yambani ndi la 3x3, la ringi imodzi: mamita 15 m'lifupi, 11 m'litali. Si masewera achibwana, ali ku Olympics kuyambira ku Tokyo. Amasewera atatu atatu, mphindi 10 kapena ofika mapointi 21, ndipo mwana aliyense amagwira mpira kambirimbiri kusiyana ndi pa asanu asanu.

Konkire yokhuthala masentimita 10 pa malo amenewo ndi makyubiki mita 16 ndi theka. Pa muyezo wa simenti 1, mchenga 2, kwale 4, konzekerani matumba pafupifupi 100. Chotsani dothi lapamwamba lonse, muthire miyala n'kutsendera kwambiri. Konkire yambiri imasweka chifukwa cha pansi pofewa, osati simenti. Bwalo lipendekeke sentimita imodzi pa mita iliyonse kuti madzi a mvula asadikhe. Dulani mizere mamita atatu kapena anayi alionse kuti ming'alu izitsata momwemo. Thirirani masiku osachepera 7 mutaphimba ndi udzu kapena masaka. Mmisiri asasalaze ngati pansi pa nyumba, asiye mokhakhala pang'ono, poti mame a ku Dedza m'mwezi wa June amasandutsa simenti yosalala kukhala thelele. Ringi muiike kumpoto kapena kumwera. Ikakhala kumadzulo, ana oyeserera akaweruka aziponya dzuwa lili m'maso. Makona muwaongole ndi chingwe cha mamita 3, 4 ndi 5.

Wowotcherera mumupatse miyezo yolembedwa, asapange za m'mutu ngati goli la netball. Ringi ikhale masentimita 45 mkati mwake, pamwamba pake mamita 3.05 kuchokera pansi, ndipo italikirane ndi bolodi masentimita 15. Bolodi ndi mamita 1.80 m'lifupi ndi 1.05 kutalika, ndipo limalowa m'bwalo mamita 1.20 kuchokera pa mzere wakumapeto. Chitsulo chonyamula chiime kunja kwa mzerewo, chozikidwa mu konkire pafupifupi mita imodzi, ndipo muchikulunge ndi matiresi akale. Ringi imangidwe ndi mabawuti opyola bolodi mpaka pa chitsulo chakumbuyo. Ikagwira thabwa lokha, mnyamata woyamba kulendewerapo aizula. Mzere wa free throw, poponyera wosewera amene walakwiridwa, uli mamita 4.60 kuchokera pa bolodi, ndipo mzere wopindika ngati uta woponyera kutali mamita 6.75 kuchokera pansi pa pakati pa ringi.

Mipira gulani ya labala, yachikopa simenti imaidya msanga. Saizi 7 ndi ya anyamata, 6 ya atsikana. Poyesa mpweya, ugwetseni kuchokera mamita 1.8, pamwamba pake pabwerere pakati pa 1.2 ndi 1.4. Mpira umodzi pa ana awiri kapena atatu. Ana makumi awiri pa mpira umodzi ndi mzere wa kuchigayo.

Za makapu musafulumire. Sankhani ana a Fomu 1 oti mukhale nawo zaka zinayi, katatu pa sabata, ola limodzi ndi theka, ndipo wolephera m'kalasi apume kaye. Gulu likakhwima, lemberani a BASMAL, bungwe la basketball m'Malawi muno, kudzera ku ligi ya m'chigawo chapakati, CEZOBAL, mufunse za maphunziro a makochi ndi oyimbira, poti Lilongwe simuli nayo kutali.

Amayi anu akuti mbatata yakachewere yakumbidwa, thumba lanu lilipo. Pobwera kudzatenga mubwere ndi kope la miyezo ya anawo, tidzalione limodzi.

Ndine,
Bambo wanu